Mwala si katemera, anzanga

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga mukali ovala yunifolomu, lero ndabwera ndi mkwiyo ndipo sindipepesa. Nkhani yake ndi ya agalu. Inde, agalu. Amene mwayamba kale kuseka sekani ndithu, koma muwerenge mpaka pansi.

Pali chinthu chimodzi chimene mwana wa kuno kwathu amachidziwa asanadziwe a e i o u: ukaona galu wachilendo, werama, tola mwala. Ngakhale pansipo pasakhale mwala, kungowerama kokha galu amaliyatsa liwiro, chifukwa nayenso phunziro lomwelo analiphunzira ndi nthiti zake. Palibe silabasi imene inalemba zimenezi, a MANEB safunsa, koma ndi phunziro limene dziko lonse linakhoza, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ndipo ife aphunzitsi, amene timadzitama kuti ntchito yathu ndi kuchotsa umbuli, timaima pakhonde la staff room ndi kapu ya tiyi m'manja n'kumaonerera ana a Fomu 1 akuthamangitsa galu wothyoka mwendo kuzungulira bwalo la mpira. Ena mwa ife timachita kuchemerera. Ine ndikuti zimenezi n'zolakwika, ndipo wolakwiridwa si galu yekha ayi. Ana athu omwewo ndi amene tikuwaika pa ngozi.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe chifukwa ndachimva kambirimbiri: "Aphunzitsi, nanga chiwewe?" Chabwino, tiyeni tikambe za chiwewe, popeza ndi nkhani imene ndimaiopa kuposa inu amene mumaitchula. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Pafupifupi anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Amenewo ndi ana a ku pulayimale ndi a Fomu 1 athu aja. Kachilombo kake kamalowa ndi malovu a nyama pa bala, kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha yopita ku ubongo, ndipo nthawi zambiri pamatha miyezi iwiri kapena itatu munthu ali bwinobwino, bala litapola kale, ataiwala n'komwe kuti analumidwa. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja, kubwebweta, kufa ziwalo, palibenso dokotala amene angachitepo kanthu. Choncho musandione ngati munthu wosadziwa kuti galu amapha.

Koma funso langa ndi ili: mwala umateteza ndani? Galu wachiwewe weniweni saopa mwala. Ubongo wake unasokonekera kale, amaluma chilichonse, mtengo, tayala, mwendo wa mwana amene wamuyandikira kuti amugende bwino. Galu amene alibe chiwewe koma wangovulala, mwina wagundidwa ndi minibasi kapena wakodwa mu msampha wa waya, amafuna chinthu chimodzi basi, malo obisala. Mukamutsekereza pa ngodya ya mpanda ana makumi atatu akukuwa, mwamusiyira njira imodzi yokha, ndipo njirayo imadutsa pa miyendo ya ana. Uku kapena uko, gulu la ana ogenda ndi limene limabweretsa mano pafupi ndi khungu. Mwana amene waima patali n'kuitana munthu wamkulu salumidwa.

Palinso china chimene ogenda saganizira. Galu akaluma munthu, akatswiri a ziweto amafuna kudziwa ngati anali ndi chiwewe. Njira zake ndi ziwiri. Amatha kumumangirira n'kumamuyang'anira kwa masiku 10, chifukwa galu amene anali ndi kachilombo m'malovu tsiku limene analuma amakhala atadwala kapena kufa masikuwo asanathe. Kapena, ngati wafa, amayeza ubongo wake ku labotale. Tsono ife timatani? Timamuphwanya mutu ndi njerwa n'kumuponya m'dzenje la zinyalala. Umboni wonse wapita. Makolo a mwana wolumidwa amatsala akungoganizira, anthu ena amene galu yemweyo anawaluma dzulo lake sadziwitsidwa, ndipo ana amene anagwira mtembo uja ndi manja a zilonda palibe amawafunsa. Timabwerera m'kalasi tikudzimva kuti tagwira ntchito.

Chimene chimathetsa chiwewe chimadziwika, si chinsinsi. Louis Pasteur anabaya katemera woyamba mwana wina wolumidwa ndi galu, Joseph Meister, mu 1885, ndipo mwanayo anakhala ndi moyo. Akatswiri anawerengetsa kuti mukabaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka, matendawa amasowa podumphira ndipo amazilala. Sindikukamba za ku Ulaya. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma oona za ziweto, linabaya agalu opitirira 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo anapitirira mlingo wa 70 uja. Zaka zotsatira, madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth anaona chiwerengero cha ana obwera ndi chiwewe chitatsika kwambiri. Ntchitoyo inafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo analowa m'masukulu kukaphunzitsa ana. Dziko la Mexico, limene nalonso lili ndi agalu ongoyendayenda osawerengeka, linavomerezedwa ndi WHO mu 2019 kuti lathetsa chiwewe chochokera kwa agalu, ndipo linachita zimenezi ndi jakisoni. Pachilumba cha Bali, ku Indonesia, chiwewe chitabuka mu 2008 anayamba ndi kupha agalu, matenda n'kumangofalikirabe, mpaka pamene anatembenukira ku katemera. Chifukwa chake n'chosavuta ngakhale kwa mwana wa Fomu 2. Mukapha agalu a m'dera, pamodzi ndi obayidwa omwe, eni ake amakatenga tiana tina tosabayidwa, ndipo agalu a kutali amabwera kudzadya ku dzala komwe kwatsala kopanda mwini. Galu wobayidwa amene amagona kuseri kwa kitchini ya sukulu ali ngati mpanda. Kumupha n'kugwetsa mpanda wanu womwe.

Tsono tibwere ku yankho lachiwiri, limene limanenedwa ndi nkhope yachifundo: "Anthu akugona ndi njala, ana akuphunzira pansi pa mtengo, inu mukudandaula za galu? Zimenezo ndi za azungu." Mawu amenewa amandipweteka chifukwa amamveka ngati anzeru. Koma taganizani. Kodi amene amanena zimenezi, akatha kugenda galu amapita kukagawira nsima ana amasiye? Ine sindinaonepo. Chifundo si ufa woti ukatapako pang'ono kupatsa galu ndiye kuti wa ana wachepa m'thumba. Ndipo ndikuuzeni, m'zaka zanga zonse zogwira choko, mwana amene amatsogolera kuzunza kamphaka kuseri kwa hostel kawirikawiri ndi yemweyo amene dzina lake limabwera pa nkhani zozunza anzake a Fomu 1. Sindinachite kafukufuku, ndikungonena zimene maso anga aona, ndipo inu anzanga a komiti ya discipline mukudziwa kuti sindikunama.

Za azungu? Agogo anga aamuna anali ndi agalu atatu osakira, aliyense ndi dzina lake, ndipo mkute wa m'mawa sunkatha iwo asanalandire gawo lawo. Galu akabwera ku uzimba atang'ambidwa ndi nguluwe, ankamutsuka bala n'kumugoneka pafupi ndi moto. Munthuyo sanapondepo m'kalasi, mzungu ankangomuonera patali. Chimene chili chachilendo ndi ichi tikuchita masiku ano m'matauni: kugula kagalu m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, kamene mnyamata wakanyamula m'mwamba padzuwa tsiku lonse, kukatsekera m'kabokosi ka malata kuti "kakhale kolusa", kukadyetsa madeya ophika kamodzi patsiku, ndipo tikasamuka nyumba kapena kakayamba mphere n'kukasiya pa msewu. Agalu amene timawatchula kuti osowa mwini aja sanagwe kumwamba. Ambiri ali ndi eni, kapena anali nawo, ndipo ena mwa eni akewo amavala tayi n'kumaphunzitsa Social Studies.

Ndikuuzeniko zimene zinachitika pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, dzina lake likhale. Tsiku lina m'mawa, nthawi ya dzinja, ana osesa anapeza galu wamkazi atagona m'ngalande kuseri kwa labotale, mwendo wakumbuyo uli lende, zikuoneka kuti galimoto inamuwomba usiku. Pamene ndimafika n'kuti miyala itayamba kale. Ndinawabalalitsa, n'kuuza mapulifekiti awiri kuti aime patali ndithu ndipo asalole aliyense kuyandikira. Alonda athu, bambo achikulire ofatsa, anabwera n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musamugwire ameneyo, ululu umalumitsa. Ndipatseni thumba ndi beseni." Anamukankhira madzi ndi ndodo yaitali, anamutchingira dzuwa ndi chidutswa cha lata, ndipo tinatumiza uthenga kwa alangizi a ziweto a m'deralo. Mmodzi wa akuluakulu a pa sukulupo anandiitana n'kundifunsa ngati ndalembedwa ntchito yophunzitsa ana kapena yoweta agalu. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bwana, pakadali pano ndikuphunzitsa." Sanaseke. Alangizi anabwera madzulo pa njinga yamoto, anamuyang'ana, anati sakuona zizindikiro za chiwewe koma amangiriridwe ndi kuyang'aniridwa. Alonda aja anamusunga kuseri kwa nyumba yawo, masiku aja atatha anabayidwa katemera. Mwendo unapola mokhota. Anakhala pa sukulupo zaka zingapo akuyenda chotsimphina pambuyo pa alonda usiku, ndipo akuba amene ankavutitsa ku khola la nkhuku za Agriculture anayamba kuganiza kawiri. Ana omwe ankamugenda aja ndi amene anamupatsa dzina, ndipo ena mwa inu mukuwerenga pano mukulikumbukira.

Chonde mundimvetse, pakuti pali ena amene amamva theka. Sindikunena kuti mwana akaona galu wovulala amunyamule ngati khanda. Ayi ndithu. Galu wachiwewe si nthawi zonse amakhala wolusa, wina amangofooka, kukwakwaza miyendo, kutuluka dovu, nsagwada ili pansi ngati wakodwa ndi fupa pakhosi, ndipo anthu ambiri atenga matenda polowetsa dzanja kuti achotse fupa limene kulibe. Nyama ya kutchire imene yabwera pakati pa anthu masana osaopa, kaya ndi nkhandwe kaya ndi fisi, imeneyo ndiye muithawe kumene. Chimene ndikupempha chili pakati pa kugenda ndi kukumbatira: ima patali, chotsa ana, ika madzi ngati ungathe osayandikira, itana amene anaphunzira ntchitoyo. Ndipo ngati alangizi aona kuti nyamayo singapole kapena ili ndi chiwewe, aiphe iwo mwa njira yake, mwachangu, mutu uli wosaphwanyika. Imeneyonso ndi mbali ya chisamaliro. Kufa ndi njerwa kwa ola lathunthu pamaso pa ana ndi nkhani ina.

Ndipo mwana akalumidwa, kapena kukandidwa kumene, aphunzitsi angati pa staff yanu akudziwa choyamba kuchita? Funsani mawa pa nthawi ya tiyi, mudzadabwa. Ena adzati mchere, ena adzati ubweya wa galu yemweyo autenthe n'kupaka pa bala, ena adzati amange nsanza. Yankho ndi sopo ndi madzi ambiri, kutsuka bala kwa mphindi 15 zathunthu, osati kungotsukuluza, kenaka kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera, osadikira kuti tione kaye ngati galu adwale. Kuyang'anira galu kuja kumachitika mwana atapita kale ku chipatala. Sopo wa m'bafa yemweyu amachotsa ndi kuwononga tizilombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Timaphunzitsa ana kujambula mtima wa munthu ndi zipinda zake zinayi, koma mphindi 15 zimene zingapulumutse moyo wawo sitiziika pa bolodi.

Ndisasiye kadzidzi, chifukwa iyeyu ndiye amafa imfa yopanda ngakhale chifukwa cha chiwewe. Mbalame sizifalitsa matendawa. Kadzidzi woyera nkhope uja amakonda kumanga m'madenga a makalasi ndi matchalitchi, ndipo kamwana kake kakagwa pansi, sukulu yonse imaima. Atsikana kukuwa, anyamata kuthamangira miyala, aphunzitsi ena kuyamba kunong'onezana kuti watumidwa ndi ndani. Koma abale! Munthu wa digiri, amene wangotuluka m'kalasi kuphunzitsa za food chain, n'kumanena kuti mbalame yabweretsa maliro? Kadzidzi amabwera pa sukulu chifukwa pa sukulu pali makoswe, ndipo makoswe alipo chifukwa kusitolo kuli matumba a chimanga ndi nyemba za ana a boarding. Usiku uliwonse amagwira ntchito imene tikanalipira mankhwala a makoswe. Tikamupha, mwezi wotsatira timakhala pa msonkhano kudandaula kuti makoswe aboola matumba ndi kudya mabuku a mu laibulale. Kamwana kakagwa, ngati sikanavulale, kabwezereni m'denga momwe kachokera pogwiritsa ntchito nsalu yokhuthala, makolo ake amapitiriza kukadyetsa. Ngati kavulala, kaikeni mu katoni yoboola timabowo, pamalo a mdima ndi opanda phokoso, osakathira madzi kukamwa mokakamiza, n'kufunsa a zanyama zakutchire. Sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu, aliyense ali ndi zimene anakula nazo. Koma mantha ako usawasandutse lamulo la sukulu. Bilimankhwe nayenso chimodzimodzi, alibe ululu uliwonse, amangodya ziwala ndi ntchentche, koma amafa tsiku ndi tsiku chifukwa choyenda pang'onopang'ono ndi kutembenuza maso.

Za njoka ndilankhula mosamala, pakuti mphiri ndi mamba si zoseweretsa ndipo sindingauze munthu kuti azilekerere m'hostel. Koma nazonso, anthu ambiri amalumidwa pamene akulimbana nazo ndi ndodo yaifupi. Kutchetcha udzu, kuchotsa milu ya njerwa ndi kuthana ndi makoswe kumachepetsa njoka kuposa gulu la anyamata olimba mtima.

Kwa inu ana anga akale amene muli kumidzi yoyandikana ndi nkhalango, pali nyama ina imene mungakumane nayo mwadzidzidzi m'munda, ngaka. Ikaopa imangodzipinda ngati mpira, siluma, ilibe ndi mano omwe. Padzapezeka munthu wokuuzani kuti mwatola chuma, akudziwa wogula. Dziwani kuti lamulo la National Parks and Wildlife Act litakonzedwanso mu 2017, chilango chopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri ngati imeneyi chimatha kufika zaka 30 m'ndende, ndipo anthu amangidwadi. Isiyeni ipite, kapena ngati yavulala dziwitsani a nthambi ya National Parks and Wildlife kapena apolisi. Ku Lilongwe kuli Lilongwe Wildlife Centre kumene amasamalira nyama zakutchire zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa, n'kuzibwezera kutchire zikachira. Za agalu, amphaka ndi abulu kuli LSPCA mumzinda womwewo. Ndipo amene amaganiza kuti kuzunza chiweto si mlandu akafunse za Protection of Animals Act, lamulo limene lili m'mabuku athu ngakhale kuti ambirife sitinalimvepo likutchulidwa pa assembly.

Ndikudziwa kuti kumudzi kwenikweni mabungwe amenewa ali kutali, ndipo mlangizi wa ziweto mmodzi amayang'anira dera lalikulu, nthawi zina alibe ndi mafuta a njinga omwe. Ndi zoona, ndipo boma liyenera kufunsidwa za zimenezi mokweza mawu, monganso liyenera kufunsidwa pamene munthu wolumidwa wayenda mtunda wautali n'kukauzidwa kuti katemera watha. Koma kuchepa kwa alangizi sikusandutsa mwala kukhala mankhwala. Kuuza ana kuti aime patali sikufuna bajeti. Beseni la madzi silifuna thandizo la mayiko akunja.

Tsono ndili ndi pempho kwa ahedi ndi kwa inu anzanga a sayansi. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, tsiku limene Pasteur anamwalira mu 1895, ndipo mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha agalu. Tsikuli limapezeka teremu yoyamba itangoyamba, ana a Fomu 1 akali atsopano. Tipatseni mphindi 20 za assembly, tiitane mlangizi wa ziweto adzalankhule. Nambala yake ya foni ilembedwe pa khoma la staff room pafupi ndi timetable, ndipo alonda ndi amatroni akhale nayo. Agalu onse a m'nyumba za aphunzitsi abayidwe, chiphaso chake chionetsedwe kwa ahedi monga timaonetsera ma scheme, chifukwa n'zochititsa manyazi kuti galu wosabayidwa woyandikana kwambiri ndi ana 600 akhale wa mphunzitsi wa Biology. Kugenda nyama pa sukulu kulowe m'malamulo ngati mlandu, pamzere womwewo ndi kumenya mnzako. Ma Wildlife Club amene m'sukulu zambiri anatsala dzina lokha, ongodzuka pakamveka ulendo wa ku Liwonde, apatsidwe ntchito imeneyi.

Ndipo inu amene munachoka pa sukulu, tsopano muli ndi nyumba zanu, mipanda yanu ndi agalu anu, a katemera akalengeza kuti afika pa sukulu ya pulayimale ya kwanuko Loweruka, musatume mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri yekha ndi galu womangidwa waya pakhosi. Pezani chingwe chabwino, mupite naye nokha, ndipo mukafunse ngati amachitanso opaleshoni yoletsa kubereka, kuti tiana tisanu ndi kamodzi timene mukanakataya ku dambo mu December tisabadwe n'komwe. Anzanga a pa staff amene mukutsutsana nane, ndili pa desiki langa lomwe lija la pafupi ndi zenera Lolemba pa break, mubwere ndi mfundo zanu.